MAU OBWEREKA SAFIKITSA MWANA KU YUNIVESITE

Caka ciri conse, dzuwa la Okutobala likakula mphamvu ndipo alimi ali kalikiliki kusosa m'minda, ana a Giredi 12 m'dziko lonse la Zambia amakhala pansi kulemba mayeso ao otsiriza. Mayeso amenewa amakonzedwa ndi bungwe la Examinations Council of Zambia, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1983. Kale, m'masiku a Fomu 5, mayeso anali kucokera ku Cambridge m'dziko la England. Ngakhale mwini mayeso anasintha, kulemera kwace sikunasinthe, pakuti University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, Copperbelt University, imene inayamba mu 1987, pamodzi ndi makoleji a aphunzitsi ndi a anamwino, onsewa posankha ana amayang'ana zimene mwana anakolola pa mayeso amenewa.

Makolo ambiri a kumudzi amangomva kuti mwana wapambana kapena walephera, koma nkwabwino kudziwa m'mene zinthu zimayendera. Phunziro liri lonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 kufika 9. Nambala 1 ndi 2 ndiye pamwamba peni-peni, 3 ndi 4 ndi kupambana bwino, 5 ndi 6 ndi kupambana kokwanira kumene amati kirediti, 7 ndi 8 ndi kungopulumuka, ndipo 9 ndi kulephera. Manambala a maphunziro amene mwana wacita bwino koposa amaonkhetsedwa pamodzi nakhala mapointi, ndipo wa mapointi ocepa ndiye ali patsogolo. Kuti mwana aganiziridwe ku yunivesite afunika kukhala ndi makirediti 5, ndipo Cizungu ciyenera kukhala pakati pa amenewo. Mwana angakhale katswiri wa masamu ndi sayansi, koma akapeza 7 m'Cizungu, khomo limatsekeka.

Ili ndilo linali bvuto la mtsikana wina wa zaka 18 wa m'komboni ya Chawama, kum'mwera kwa mzinda wa Lusaka, m'caka ca 2024. Kwao kweni-kweni ndi ku Katete. Atate ace anamwalira iye ali mu Giredi 6, ndipo atapambana mayeso a Giredi 9, amai ace anagulitsa mbuzi ziwiri namkweza basi kuti akakhale ndi mng'ono wao ku Lusaka, kumene sukulu ya sekondale iri pafupi ndi nyumba. Amai aang'onowo ali ndi kantemba ka matimati, anyezi, repu ndi kapenta m'mbali mwa mseu, ndipo amakhala m'zipinda ziwiri za lendi pamodzi ndi ana ao atatu. Mtsikanayo ndiye anali wamkulu pa anawo. Anali kudzuka mbandakuca kukatunga madzi pa pompi, masiku ena kuperekeza amai aang'ono ku msika wa Soweto kukaoda matimati, pobwera kusambitsa ana, ndipo atatha zonsezi ndiye kubvala yunifomu. Cimene anali kulakalaka cinali kukaphunzira zaulimi ku University of Zambia, kuti tsiku lina akabwerere kum'mawa monga mlangizi.

Caka cimeneco cinali cobvuta kwa ana onse. Cifukwa ca mliri wa kolera, umene unasautsa kwambiri makomboni a mu Lusaka, masukulu sanatsegulidwe mu Januwale monga mwa nthawi zonse, koma pa 12 Febuluwale. Pa 29 mwezi womwewo Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cimene cinagwa m'dziko ndi tsoka la mtundu wonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba anacepa, ndipo pofika mu Seputembala magetsi anali kubwera maola ocepa okha pa tsiku, kawiri-kawiri pakati pa usiku anthu ali m'tulo.

Masamu, bayoloje ndi zaulimi sizinali kumbvuta mtsikanayo. Cimene cinali kumsowetsa tulo ndi pepala loyamba la Cizungu, la kompozishoni, imene m'Cinyanja amati cimangirizo. Pa pepala limeneli mwana amapatsidwa ola limodzi ndi mphindi 45 kuti alembe nkhani ziwiri, iri yonse ya mau apakati pa 250 ndi 350. Pa nkhani imodzi amasankha yekha mutu pa mitu ingapo imene yaperekedwa. Pa inayo amapatsidwa mfundo zoti azikonze bwino nkupanga lipoti, kalata, kapena mau okalankhula pa msonkhano. Palibe buku limene mwana angaloweze pamtima kuti apambane pepala limeneli, cifukwa mitu imasintha caka ndi caka.

Komabe ana ambiri amayesa kuloweza, ndipo iyenso anacita cimodzi-modzi. Anabwereka kabuku kena kamene kamagulitsidwa m'mbali mwa miseu ya m'tauni, nakopera nkhani zitatu zodzala ndi mau atali-atali, naziloweza monga mavesi a ku chalichi. Pa mayeso oyesera a pakati pa caka, amene ana amati moko, panalibe mutu ngakhale umodzi wofanana ndi nkhani zacezo. Pocita mantha anatenga imodzi naikakamiza pa mutu umene sunali wace. Pepala litabwerera linali ndi 7, ndipo pansi pace mphunzitsi analemba kuti nkhaniyo yaphonya mutu. Akulu-akulu anati nkhwangwa yobwereka sicedwa kuguluka.

Kuseri kwa nyumba yao kumakhala mkulu wina amene anaphunzitsa Cizungu zaka zambiri m'masukulu a kum'mawa asanapume pa nchito. Iwo analemba mayeso a Fomu 5 m'masiku a Cambridge. Madzulo ena pobwera kudzagula matimati anapeza mtsikanayo atagwira pepala lija, maso ali psuu. Analipempha, nakhala pa kampando, naliwerenga lonse osafulumira.

"Mdzukulu wanga, nkhani iyi ya mwana wokwera ndege kupita ku London kukacita phwando waitenga kuti?"

"M'kabuku, agogo."

"Unakwerapo ndege iwe?"

"Iai, agogo."

"Nanga pa chuthi capitaci unapita kuti?"

"Ndinapita kumudzi kukaona amai."

"Tandiuza zimene unaona kumeneko. Usabvutike ndi Cizungu. Lankhula monga umalankhulira ndi amai ako."

Mtsikanayo anayamba mwamanyazi, koma posacedwa mau anadza okha. Anasimba m'mene anatsikira basi pa Katete nayenda pansi kudutsa minda ya cimanga cimene cinauma citangoyamba kumasula. Anasimba za nkhokwe ya amai ace imene inali yotsegula, nkhuku zikulowa ndi kutuluka popeza munalibe coti nkucingira. Masana ali onse amai anali kumphikira kansima nanena kuti iwo adya kale kumunda, ndipo tsiku lacitatu, poona meda ya ufa m'mene inali kutsikira, anazindikira kuti ufa umene unali kucoka unali wa munthu mmodzi yekha. Tsiku lobwerera amai anammangira nshawa pa kansalu kuti azidya m'basi. Atafika pa Luangwa namasula kansaluko, anaona kuti zinali nshawa zosankhidwa bwino, zija amai anasunga kuti zikhale mbeu.

Mkuluyo anakhala cete kanthawi. Pambuyo pace anati, "Kompozishoni ndi imeneyo. Iri ndi poyambira, iri ndi pakati, iri ndi pothera, ndipo palibe mwana wina m'Zambia muno amene angailembe koma iwe."

"Koma agogo, za nkhokwe ndi nshawa zingalembedwe pa mayeso a Boma? Kodi sadzandiseka?"

"Amene adzaconga pepala lako ndi mphunzitsi wa m'dziko lomwe lino, mwinanso amai ace ali ndi nkhokwe monga amai ako. Nkhani ya m'kabukuyo adzakhala ataiwerenga kambiri-mbiri pa mapepala a anzako, ndipo amaidziwa akangoona ciganizo coyamba. Cimene afuna kuona ndi cakuti kodi mwanayu wayankha zimene wafunsidwa, kodi maganizo ace atsatana bwino, ndipo kodi Cizungu cace nca cilongosoko."

Kuyambira tsiku limenelo, Loweruka liri lonse masana mtsikanayo anali kupita kukhonde kwa mkuluyo ndi kope lace. Coyamba cimene anamphunzitsa ndi kusayamba kulemba msanga. Anali kuika wochi yao pa tebulo nagawa nthawi motere: mphindi 10 zowerenga mutu kawiri ndi kundandalika mfundo zisanu kapena zisanu ndi imodzi, mphindi 35 zolemba, ndi mphindi 5 zowerenganso zimene walemba. Mfundo iri yonse inali kukhala ndime yace. Anamlola kukonza maganizo m'Cinyanja mumtima mwace, pakuti munthu amaganiza bwino m'cinenero cimene anayamwa, koma anamletsa kutembenuza liu ndi liu. Anati akadziwa cimene afuna kunena, acinene m'ziganizo zazifupi za Cizungu zimene ali nazo cikhulupiriro, ndipo liu liri lonse limene sadziwa bwino tanthauzo lace alisiye, ngakhale likhale lokoma motani m'makutu.

Anamuonetsanso maenje amene ana olankhula Cinyanja amagweramo kawiri-kawiri. M'Cinyanja liu lakuti iye limaimira mwamuna ndi mkazi yemwe, pamene Cizungu cimasiyanitsa, motero mwana amayamba nkhani ya amai ace nkuwasandutsa mwamuna pakati pa ndime osazindikira. M'Cinyanja l ndi r sizisintha tanthauzo la liu, koma m'Cizungu kusinthanitsa zilembo ziwirizi kumabala liu lina. Cinanso, mwana amayamba kusimba za kale, nkulumphira m'nthawi ya tsopano, nkubwereranso. Mkuluyo sanali kukonza zolakwazo. Anali kungolemba kamzere kofiira pansi pace, kuti mwini wace apeze yekha cimene calakwika, ndipo pa mphindi 5 zotsiriza zija anamuuza kuti azisaka zinthu zitatu zimenezi basi.

Za kuwerenga mau anazithetsa mosabvuta. Anawerenga mizere ingapo ya m'kope mwace napeza kuti dzanja lace limalemba mau 9 pa mzere, motero mizere 35 inali kukwana. Pa nkhani ya mfundo zopatsidwa anayesera ndi zinthu za pakhomo. Tsiku lina analemba lipoti kwa mphunzitsi wamkulu lonena za m'mene sukulu ingapewere kolera. Tsiku lina analemba kalata kwa khansala yopempha kuti ngalande zikumbidwe mvula isanagwe, pakuti ku Chawama madzi akasefukira amalowa m'nyumba. Anaphunzira kuti pa nkhani yotere mfundo zoyenera zonse ziyenera kulowa, zofanana ziikidwe pamodzi, ndipo kalata ikhale ndi maonekedwe a kalata, lipoti maonekedwe a lipoti. Mabuku owerenga analibe, koma pa kantemba panali manyuzipepala akale okulungira kapenta. Tsamba liri lonse anali kuyamba waliwerenga asanaling'ambe.

Mwezi wa Seputembala uli kutha, panafika ciyeso ca mtundu wina. Mnyamata wina wokhala pafupi ndi siteshoni ya mabasi anauza amai aang'ono kuti ali ndi mnzace amene amatumiza mafunso a mayeso pa WhatsApp usiku woti mawa lace alembedwa, zimene ana amati malikeji. Mtengo wace unali wolingana ndi lendi ya mwezi umodzi. Amaiwo sanagone usiku umenewo. Anakumbukira mbuzi ziwiri za mkulu wao, ndi m'mene adzayankhira kumudzi mwana akalephera ali m'manja mwao. Mwezi umenewo inali nthawi yao yolandira cilimba. M'mawa anapita kwa mkulu uja.

"Atate, ndabwera kuti mundithandize nzeru. Ana a anzathu onse akuti agula. Nanga wanga yekha akalowe m'mayeso cimanja-manja?"

"Amai, khalani pansi. Mukumbukira mu 2018 pamene Boma linaimitsa mayeso m'dziko lonse cifukwa pepala lina linabedwa? Ana osalakwa anabvutika pamodzi ndi olakwa. Mwana akagwidwa ndi zotere, zotsatira zace zimafafanizidwa, zaka 12 za sukulu nkupita pacabe, ndipo pali mlandu kukhoti. Cinanso, ambiri mwa anyamatawa amagulitsa mafunso a zaka zakale atangosintha caka pamwamba. Mwana amacezera usiku wonse kuloweza zabodza, m'mawa nkupeza zina, mutu nkuima."

"Nanga ndicite ciani, atate? Ine sukulu sindinapite nayo patali."

"Mwanayu cimene asowa ndi nthawi ndi kuwala. Zimenezo mungathe kumpatsa inu."

Amaiwo anabwerera osanena kanthu. Cilimba citabwera anapatulako ndalama nagula nyale yaing'ono ya sola, imene masana inali kukhala pa denga la kantemba. Anauzanso mtsikanayo kuti kufikira mayeso atatha asapitenso ku Soweto, ndipo madzi azitunga mwana wao woyamba. Ici sicinali capafupi. Popanda wowathandiza kusenza anali kuoda bokosi limodzi m'malo mwa awiri, ndipo phindu linacepa m'caka cimene ufa unali wokwera mtengo. Anansi ena anawaseka kuti alera mfumukazi. Iwo anangoti, "Mwana wa mkulu wanga ndi wanga yemwe."

Pofika tsiku la pepala la kompozishoni, mtsikanayo anali atalemba nkhani 14 pakhonde paja, ndipo timizere tofiira tinali titacepa kwambiri. M'cipinda ca mayeso anamva anzace akutembenuza mapepala ndi kulemba mwaliwiro kuyambira mphindi yoyamba, ndipo mtima unamuuza kuti watsalira. Anadzigwira, nawerenga mitu yonse kawiri, nasankha wosimba nkhani, nandandalika mfundo zace. Nkhani ya nshawa sanaikakamize, pakuti mutu sunali kuifuna. Analemba ina yocokera m'zimene anaona ndi maso ace m'komboni, m'mau amene anali kuwadziwa. Anatsiriza nthawi isanathe, nasaka maenje atatu aja, napezamo malo awiri pamene anasandutsa mkazi kukhala mwamuna.

Zotsatira zitatuluka mu Januwale 2025, m'Cizungu anapeza 4. Si nambala yoti nkuimbira nthungululu mudzi wonse, ndipo m'kalasi mwace munali ena amene anamposa. Koma kucoka pa 7 kufika pa 4 ndiko kunatsegula khomo limene linali lotseka, pakuti m'masamu ndi m'sayansi anali atacita bwino kale. Ulendo sunathere pamenepo. Wopambana afunika kufunsira malo ku yunivesite, kumene opempha ndi ambiri kuposa malo, ndipo mwana wa m'banja losauka afunikanso kupempha ngongole ya maphunziro ku bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016. Makalata onsewa anadzilembera yekha. Poyembekeza yankho anabwerera pa kantemba, ndipo madzulo anali kukhazika pansi ana a amai aang'ono kuti amsimbire zimene aona tsikulo, kuyambira poyamba kufikira pothera.

Inu makolo a ku Katete, Petauke, Chadiza, Lundazi ndi kwina konse kumene nyuzi ino imafika, mwina mumaganiza kuti pa nkhani ya Cizungu mulibe gawo popeza simucilankhula. Gawo lanu liripo ndithu. Kuyambira mu 2022 Boma linacotsa malipiro m'masukulu ace kufikira Giredi 12, koma nthawi yowerenga Boma silingaigawe, imacokera pakhomo. Mwana wa mayeso, makamaka wamkazi, mpatseni ola limodzi dzuwa likali kuwala, pamene sadzatumidwa kucitsime kapena kucigayo. Mukamtuma ku msika kapena ku maliro a kutali, pobwera mfunseni kuti afotokoze zonse mwa dongosolo lace, ndipo akalumpha mbwezeni. Mukafuna kulemba kalata kwa mfumu, ku kopaletivu kapena kwa m'bale wa ku Kitwe, mpatseni iye colembera. Madzulo musaleke nthano, pakuti mwana wodziwa kuyamba nthano, kuiyendetsa ndi kuitsiriza watha kale theka la nchito ya pepala lija.

Ndipo inu amene mwatumiza ana kwa abale m'makomboni a Chawama, Kanyama, Matero, Mtendere, George ndi Kalingalinga, kambiranani ndi abalewo poyera za nchito za pakhomo m'miyezi ya mayeso, ndipo muwathokoze, pakuti ola liri lonse limene apatsa mwana wanu limacoka pa nsima yao. Wina akabwera kudzapempha ndalama za malikeji, mkaneni, ndipo ndalamazo mugulire mwana nyale ndi kope.